Mutu 4: Maswiti a Chaka cha 66

1. Makina akana

Mu Epulo mumzinda wa Hat Yai mumatentha moti ngakhale agalu amaleka kuuwa. Koma kuseri kwa nyumba ya Mayi Lamyai moto sunkazima. Ziwaya ziwiri zikuluzikulu zinali pamoto chiyambire m'mamawa, ndipo amayi awiri aganyu ankatakasa phala la kokonati ndi shuga ndi mithiko yaitali ngati nkhafi, thukuta lili kamukamu. Phalalo likalimba ankalithira m'mathireyi, likazizira n'kuliduladula, n'kuliika m'mapaketi. Maswiti amenewa ndiwo ankadyetsa nyumba yonse.

Kanun anali mwana wa mchimwene wawo wa Mayi Lamyai. Makolo ake anali kumudzi, kuminda ya mphira, ndipo iye anakulira kwa azakhali akewo chifukwa cha sukulu. Anali atangomaliza sekondale. Mu Juni ankayembekezera kupita ku Bangkok kukayamba koleji.

Ntchito yake pakhomopo inali ya pakompyuta. Ankasindikiza timapepala tomata pamapaketi, tolembedwa dzina la maswiti, zimene athiramo, ndi deti lomaliza loyenera kuwadya.

Sabata imeneyo ntchito inali yothetsa mpweya. Kutsidya kwa malire, ku Changlun m'dziko la Malaysia, kunali Mayi Rohana, mwini sitolo amene ankagula maswiti ambiri kuposa kasitomala wina aliyense. Idi inali pafupi, ndipo anthu akumeneko ankafuna maswiti oikira alendo patebulo. Makatoni anayenera kunyamuka m'mawa mwake ndi a Dolah, dalaivala wa Mayi Lamyai wa masiku onse.

Tsono tsiku lomwelo, loyamba la Songkran, chikondwerero cha chaka chatsopano chimene anthu amathirana madzi, kompyuta inayamba zake. Pulogalamu yosindikizira timapepala, imene Mayi Lamyai anagula kalekale kwa a Wichit ogulitsa zamakompyuta, inadzikonza yokha kuti ikhale yatsopano. Itamaliza inanena kuti makina osindikizira a m'nyumbamo sikuwadziwa.

"Sikuwadziwa bwanji?" anafunsa Mayi Lamyai, manja ali mbuu ndi shuga. "Akhala limodzi patebulo pomwepa zaka zonsezi. Ayambana liti?"

"Ikuti makinawa ndi akale, azakhali."

"Nanga ine ndine watsopano? Imbira a Wichit."

A Wichit anayankha foni pakati pa phokoso la ng'oma ndi ana okuwa. Anali kwawo, kumpoto kwenikweni, kokathira madzi m'manja mwa makolo awo monga umafunira mwambo wa chaka chatsopano.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero. "Zimenezo zikufunika ndikhale pomwepo. Ndibwera chikondwerero chikangotha. Yesani kuimbira kukampani."

Kukampaniko kunayankha mawu ojambulidwa a mtsikana waulemu kwambiri. Anawafunira chaka chabwino chatsopano, n'kuwaikira nyimbo.

2. Chenjezo la azakhali

Mayi Lamyai anakhala pa thumba la shuga, n'kuyang'ana mulu wa mapaketi opanda timapepala. Maswiti opanda deti sawoloka malire.

Kanun anazengereza pang'ono, kenako anati, "Azakhali, ilipo pulogalamu ina. Tinkaigwiritsa ntchito kusukulu. Ndi yaulere, ndipo makina akale imawadziwa."

"Yaulere?"

"Inde."

Mayi Lamyai anapukuta manja pa epuloni, ndipo Kanun anadziwa kuti mawu akubwera ambiri.

"Tamvera kuno, mwanawe. Zaulere ine ndaziona. Ukuwakumbuka atelala apakona paja? Anapatsidwa pulogalamu yaulere ndi mnyamata wina wa kumsika. Sipanathe mwezi kompyuta inadwala, miyeso ya makasitomala onse n'kusowa. Mkwati anavala jekete yofika m'mawondo."

"Imene ija inali yakuba, azakhali. Inali yogulitsa, anthu n'kuithyola loko. Iyi si yakuba. Anthu a m'mayiko ambiri anaipanga mothandizana, n'kuisiya poyera kuti aliyense atenge, aone m'kati mwake, akonze pamene palakwika."

"Anthu ake ati? Nyumba yawo ili kuti? Ine sindikunena kuti ndi oipa, mwina ndi abwino kuposa ine. Koma munthu wokuthandiza mwa kufuna kwake amasiyanso mwa kufuna kwake, ndipo sungamufunse chifukwa. Iwe ukuganiza kuti ndikamalipira a Wichit ndimalipira zithunzi zimene zimaoneka pagalasipo? Ayi. Ndimalipira kuti pakhale munthu woti ndimukalipire. Kwawo ndikudziwako. Akazi awo ndimawadziwa. Pamene mwana wawo ankameta mutu kulowa kukachisi, ine ndinapita ndi maswiti. Zinthu zikavuta ndimadziwa chitseko choti ndigogode. Pa bizinesi, mwanawe, chinthu chopanda mwini n'choopsa, chifukwa tsiku limene chidzalakwe, mlandu wonse udzagwera dzina limene lili pa paketi. Ndipo dzina limenelo ndi langa."

Kanun anayang'ana pansi. Koma pakamwa panamuyabwa.

"Nanga lero mwagogoda, atsegula?"

Amayi otakasa aja anaseka mpaka mmodzi anatsamira mthiko. Mayi Lamyai anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali.

"Pakamwa ngati bambo ako," anatero. Kenako anayang'ananso mapaketi aja, n'kuusa moyo. "Chabwino. Iike. Koma uchite mofatsa, uwerenge chilichonse chimene ikufunse. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

3. Inde, inde, inde

Kanun anatsitsa pulogalamu ija pa intaneti. Isanayambe ntchito, inayamba kufunsa mafunso. Makina anu ndi a mtundu wanji? Timapepala tanu n'totalika bwanji? Awiri oyambawo Kanun anawawerenga bwinobwino, mpaka anatenga lula n'kuyeza kapepala.

Ndiye panja panalira hutala.

Anali anzake a kusukulu, atadzaza kumbuyo kwa galimoto ndi migolo ya madzi, nkhope zili mbee ndi ufa wonyowa, mfuti zamadzi zili m'manja.

"Kanun! Tuluka, agogo a kompyuta iwe! Chaka chamawa udzakhala ku Bangkok, udzathira madzi ndani?"

"Ndikubwera! Dikirani pang'ono!"

Mafunso anali adakalipo. Kanun anayamba kudina osawerenga. Inde. Inde. Pitirizani. Funso lina linali ndi mawu akuti kalendala, ndipo pansi pake panali timizere tambiri. Diso lake linawaona mawuwo, koma chala chinali chitadina kale.

Makina osindikizira anakhosomola, n'kulavula kapepala koyamba. Kanatuluka koyera bwino, zilembo zakuda bii, kuposa mmene yogula ija inkatulutsira.

Mayi Lamyai anavala magalasi, n'kukawerenga konse ndi chala, liwu ndi liwu. Dzina linali bwino. Kokonati, shuga, ufa wa mpunga, zonse zinalipo m'Chimalaya monga mwa masiku onse. Pansi pake panali deti: 12/07/66.

Anatembenuka n'kuyang'ana kalendala ya pakhoma, ya chithunzi cha kachisi. Inkanena kuti chaka ndi 2566, pakuti kuno zaka timaziwerenga kuyambira nthawi ya Buddha. Anawerenga miyezi itatu pa zala zawo.

"Julayi chaka chino. Zili bwino," anatero. Anakapereka kwa amayi otakasa aja, nawonso anagwedeza mitu. "Hm. Chaulere chako chikulemba ngati munthu wophunzira. Sindikiza tonse, upite ukanyowe."

Madzulo onse a m'nyumbamo anamata timapepala. M'mawa mwake a Dolah anafika ndi galimoto yawo, milomo itauma chifukwa anali pa kusala kwa Ramadani. Anakweza makatoni, kuwafunda lona kuopa ana othira madzi, n'kunyamuka.

4. Foni yochokera kutsidya

Dzuwa lisanafike pamutu, foni ya Mayi Lamyai inalira. Anali a Dolah.

"Achemwali, ndafika bwino. Koma kuno kwavuta. Lankhulani ndi eni ake."

Mayi Rohana ankadziwa Chithai chokwanira kugulira katundu ndi kukalipira anthu. Mawu awo anamveka m'nyumba monse.

"Lamyai, mnzanga! Wanditumizira maswiti kapena mafupa a makolo? Apa palembedwa kuti anayenera kudyedwa pofika Julayi 66. Ine ndinabadwa mu 66! Maswiti amenewa ndi anzanga a msinkhu umodzi!"

"Mukuti bwanji? 66 ndi chaka chino!"

"Chaka chino kwanuko! Kuno tili mu 2023. Mwana wanga akuti mwina ukutanthauza 2066. Ndiye ndikufunse, wathiramo chiyani kuti akhale zaka zonsezo? Simenti?"

Kumbuyo kwawo kunamveka anthu akuseka. Koma Mayi Rohana atayambanso kulankhula, nthabwala zinali zitatha.

"Mvera, Lamyai. Ine ndikudziwa kuti maswiti ako ndi a dzulo, fungo lokha likunena. Koma mayi wobwera kudzagula sakudziwa iwe, amawerenga paketi. Oyendera masitolo nawonso amawerenga paketi. Sindingaike zimenezi pa shelefu, ndipo zolemba pamanja sindilandira. Anthu ayamba kale kugula za Idi. Alipo munthu wina wa ku Alor Setar amene wakhala akundinyengerera kuti ndizigula kwa iye, ine n'kumakana chifukwa cha iwe. Ndikamatsegula sitolo mawa shelefu ili yopanda kanthu, ndimuimbira. Ndipo akangolowa, sindidzatha kumutulutsa."

Foni inaduka.

Mayi Lamyai anapita pa kabati, n'kutulutsa paketi yakale imene inatsala pa katundu wa mwezi watha. Anaiyang'ana pansi pake. Deti lake linkathera ndi 23.

"Taonani," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi ndakhala ndikutumiza zimenezi, osayang'ana n'komwe. Tsiku limene a Wichit anabwera kudzaika pulogalamu yawo, anakhala pano masana onse akundifunsa. Katundu amapita kuti? Amawerenga ndani? Ine ndinkati akungotalikitsa nkhani kuti amwe khofi wachiwiri. Kani ankakonza zimenezi."

5. Kanun asankha

Kanun anali ataima pakhomo, tsitsi lidakali ndi ufa wa dzulo.

Azakhali ake anamuona, ndipo nkhope yawo inafewa.

"Usalire, mwanawe. Si iwe. Iwe unkafuna kuthandiza. Ndi chinthu chopanda mwinicho, ndinanena ine. Chifufute pakompyutapo, ndisachionenso. Tidikira a Wichit. Za Rohana zatha basi, ndiwauza a Dolah abwerere nawo makatoniwo."

Njira inali yotseguka. Akanangoti "chabwino, azakhali," palibe akanadziwa kanthu. Mlandu ukanapita kwa anthu osadziwika a m'mayiko akutali, amene sakanamva n'komwe kuti akunenedwa ku Hat Yai.

Kanun anayenda mpaka pa kompyuta. Anaika dzanja pa mbewa ya kompyutayo.

Anachotsa dzanja.

"Azakhali, pulogalamuyi sinalakwe. Inandifunsa."

"Inakufunsa chiyani?"

"Za kalendala. Ndinaona mawuwo, koma anzanga ankaimba hutala. Ndinadina osawerenga. Ndiye inangotengera chaka cha pakompyuta yathu."

Mayi Lamyai anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Ndinakuuza chiyani dzulo?"

"Munati ndiwerenge chilichonse."

"Ndipo unati chiyani?"

"Ndinati ndamva."

"Unati wamva. Kanun, phala lija likakhala pamoto, ukangosiya kutakasa kuti uone amene akudutsa pamsewu, limapserera pansi, ndipo chiwaya chonse chimanunkha. Sulawa n'komwe, umataya. Amayi awa atakasa sabata yathunthu, mapewa akuwawa, osapita kukaona makolo awo pa chikondwerero. A Dolah ayendetsa galimoto padzuwa ali ndi ludzu. Iwe ntchito yako inali ya chala chimodzi. Chala chimodzi! Ndipo unaona kuti n'chotopetsa." Anapuma. "Koma ukanakhala chete, ine ndikanafufuta chinthu chosalakwa, n'kusunga m'nyumba mwana wabodza. Pa ziwirizi bola izi. Tsono ungakonze?"

"Ndiyesa."

Anayesadi, koma funso lija silinabwerenso. Anatsegula apa, kutsegula apo, osalipeza. Atasintha chaka cha kompyuta yonse, timapepala ta maswiti ogulitsa konkuno nato tinasintha, ndipo azakhali ake anakana. "Ndiye anthu a ku Hat Yai aziti maswiti anga ndi a chaka cha 23? Ine ndinali ndisanakwatiwe n'komwe!"

"Ndifunse pabwalo," anatero Kanun.

"Bwalo liti?"

"La pa intaneti. Anthu ogwiritsa ntchito pulogalamuyi amafunsana mafunso pamenepo."

"Pa Songkran? Amene timawalipira akuvina, ndiye osalipidwa akhale pansi akudikira iwe?"

Kanun analemba basi. Sanabise kanthu. Ananena za maswiti, za malire, za funso limene sanawerenge. Kenako anakhala, maso pagalasi. Mayi Lamyai ankayendayenda, foni m'manja, akuyamba kuimbira a Dolah n'kuleka.

Chiwaya chimodzi chisanapse, yankho linabwera. Wolembayo ankadzitcha Tambala Woyera. Anati ali ndi kasitolo ka mankhwala ku Lampang, ndipo sanatseke chifukwa anthu amadwala ngakhale pa chikondwerero.

Kanun anawerenga mokweza: "Mwana wanga, usadandaule, dzenje limeneli ndinagweramo inenso. Ndinatumiza mafuta opaka ku Laos olembedwa chaka cholakwika, mpaka lero amandiseka. Kapepala kalikonse kali ndi kalendala yakeyake. Dina pa deti penipenipo kawiri, usankhe. Ndipo ulembe chaka chonse, manambala anayi, usadule. Malo ochitira zimenezi anali obisika kwambiri kale, ndiye tinadandaula, mnyamata wina wa ku Vietnam n'kuwakonza. Chinthu chinanso: kapepala koyamba usakaonetse munthu wa m'nyumba mwanu. Nonse muli ndi diso limodzi. Kaonetse amene adzakawerenge."

Mayi Lamyai anasuzumira pagalasi.

"Ameneyu akufuna tim'patse chiyani?"

"Palibe."

"Palibe? Ali bwinobwino mutu?"

Kanun anadina kawiri pa deti. Zinali pomwepo. Anasindikiza kapepala kamodzi kokha, n'kukajambula, n'kutumiza chithunzi ku foni ya a Dolah. Posakhalitsa kunabwera mawu a Mayi Rohana: "12/07/2023. Ameneyu ndiye mdzukulu wanga, osati mnzanga. Bweretsani!"

6. Ulendo wonyowa

Timapepala tatsopano anatikulunga m'majumbo atatu, lina m'kati mwa linzake. Anatenga ziphaso zawo zowolokera malire, n'kuuyamba wapansi kupita kokwerera minibasi.

Koma pa Songkran msewu ulibe mlendo. Pakona yoyamba ana anawaona.

"Agogo ouma! Agogo ouma awo!"

"Musayerekeze!" anakuwa Mayi Lamyai. "Tanyamula za ntchito! Iwe mwana wa atelala, ndikakunenera kwa amako!"

Sizinathandize. Mayi Lamyai atangoona ndowa ikubwera, analanda jumbo lija kwa Kanun, kulikumbatira pamimba, n'kutembenuzira msana kwa anawo. Madzi onse, oziziritsidwa ndi ayezi, anathera pa iwo. Kamtsikana kena kanabwera mwaulemu, kupepesa, n'kuwapaka ufa masaya onse awiri.

Anakwera minibasi akudontha, jumbo lili louma pa miyendo ya Kanun.

"Ukaseka ndikutsitsa," anatero Mayi Lamyai, osamuyang'ana.

Kanun analuma milomo mpaka ku malire.

A Dolah anawachingamira kutsidya. Atawaona abwana awo anati, "Achemwali, mwabwera pa minibasi kapena mwasambira?"

"Yendetsani galimoto, a Dolah. Mukusala kudya, musasale ndi nzeru zomwe."

Kuseri kwa sitolo ya Mayi Rohana anayala mphasa. Onse anakhala pansi, Mayi Rohana, ana awo, a Dolah, Mayi Lamyai ndi Kanun, kumatula timapepala takale ndi kumata tatsopano. Zikhadabo zinawawa. Pena kapepala kankakana kumatuka, n'kung'amba paketi, ndipo maswiti oterowo ankawaika pambali.

Mayi Rohana anamuyang'ana Kanun. "Ndiye ndiwe unandikalambitsira maswiti?"

"Ndine, mayi. Pepani. Ndinafulumira."

"Azakhali ako andiuza kuti unavomera wekha. Tamvera, mwana wanga. Ine pulogalamu ya pa kauntala yanga ndi yogula, ndipo mwezi uliwonse imandidya. Tsiku lina inazima sitolo itadzaza, ndipo ndinalira. Mlamu wanga ali ndi yaulere, nayenso tsiku lina analira. Palibe makina amene sadzakuliza. Funso limene ndimafunsa ine ndi limodzi: ikadzalakwa, ndani adzakhale pamphasa ngati pano kumatula timapepala? Ukamudziwa munthu ameneyo, gula kapena tenga yaulere, zili kwa iwe. Ukapanda kumudziwa, usayatse n'komwe."

Paketi yomaliza inamatidwa dzuwa likulowa. Kumzikiti kunamveka kuitana. A Dolah anamwa madzi botolo lonse osapuma, ndipo Mayi Rohana anatsegula maswiti a mapaketi ong'ambika aja n'kugawira aliyense.

"Idyani msanga," anatero. "Akuti anatha ntchito ine ndili khanda."

Ana awo anayamba kusanja makatoni pa shelefu. Za munthu wa ku Alor Setar sizinatchulidwenso.

7. Funso la m'galimoto

Pobwerera anakhala atatu kutsogolo kwa galimoto ya a Dolah, Kanun pakati. Malaya a Mayi Lamyai anali atauma, koma ufa unali udakali kuseri kwa khutu.

Atawoloka malire, Mayi Lamyai anayamba kulankhula, maso ali kumsewu.

"Tambala wako uja umutumizire maswiti. Paketi zabwino, osati zong'ambika. Munthu sangandithandize ine n'kungopita choncho, ndingadwale."

"Ndimufunsa keyala yake."

"Ndipo ndaganiza. Ndinati chinthu chija chilibe mwini. Ndinalakwa. Mwini wake alipo, ndamuona lero. Ndi amene wachiika m'nyumba. Ndiwe."

Kanun anamwetulira. Koma azakhali ake sanamwetulire.

"Usasekerere, sindinamalize. Bwalo lako lija ine sindidziwa khomo lake. Kudina kawiri sindidziwa. A Dolah amadziwa?"

"Ine ndimadina hutala basi," anatero a Dolah.

"Wamva. Tsono mu Juni iwe ukukwera sitima kupita ku Bangkok. Makina akadzakhosomola mu Julayi, makatoni ali pakhomo, Rohana akukuwa pa foni, ine ndidzagogoda chitseko cha yani?"

Za zimenezi Kanun anali asanaganizepo.

Nthawi yomweyo foni inalira m'chikwama cha Mayi Lamyai. Anaitulutsa, kuitalikitsa ndi maso kuti aone dzina. Anali a Wichit.

Anaisiya ilire kawiri, katatu. Kenako anaiika m'manja mwa Kanun.

"Mosakayika akufuna kudziwa ngati abwere ndi makina atsopano ogwirizana ndi pulogalamu yawo kapena asabwere. Dzulo unasankha mofulumira. Lero sankha mofatsa. Yankha."

Foni inapitiriza kulira m'manja mwake, ndipo ulendo uno chala cha Kanun chinaima m'malere, osadina.